Kodi wosankha timu ya dziko pa kiriketi ayenera kukhala katswiri wakale?

Funso: Ndinayamba kukonda kiriketi pamene ndinkagwira ntchito ku Bulawayo, ndipo ngakhale ndinabwerera kumudzi ndimatsatirabe masewerowa pa wailesi yakanema. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti nthawi zambiri munthu amene amachotsa katswiri m'timu ya dziko amakhala woti iye mwini sanapite patali pa masewerowa. Kodi pali ziyeneretso zimene osankha osewera amayenera kukhala nazo? Nanga mawu awo ndi omaliza? Ndipo kodi sizingakhale bwino kuti mabungwe a kiriketi aziyendetsedwa ndi osewera akale okhaokha?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi zimene zinalembedwa. Malamulo a kiriketi, amene amasungidwa ndi kalabu ya Marylebone ya ku London, satchula n'komwe za wosankha osewera. Munthu amene malamulowo amamudziwa ndi kaputeni, yemwe amayenera kupereka mayina a osewera 11 kwa woweruza masewero ndalama isanaponyedwe m'mwamba yoonera timu yoyamba kusankha. Bungwe la ICC, lomwe limayang'anira kiriketi padziko lonse, nalonso silipereka satifiketi ya ntchito imeneyi. Choncho dziko lililonse limadziikira njira yakeyake, ndipo njirazo zimasintha kawirikawiri, makamaka timu ikangogonja mochititsa manyazi.

Dziko limene linalemba ziyeneretso zake momveka bwino ndi India. Pamene bungwe la kiriketi la dzikolo, BCCI, linalengeza mu 2022 kuti likufuna anthu 5 oti akhale m'komiti yosankha timu ya amuna, linati wofunsira ntchitoyo akhale atasewera masewero 7 a Test (masewero a mayiko amene amatenga mpaka masiku asanu), kapena masewero 30 a first-class, kapena masewero 10 a tsiku limodzi a timu ya dziko pamodzi ndi 20 a first-class, ndiponso akhale atapuma kusewera kwa zaka zosachepera 5. Masewero a first-class ndi aja a masiku atatu kapena anayi amene zigawo za m'dziko zimapikisana, monga mpikisano wa Ranji Trophy ku India komweko kapena wa Sheffield Shield ku Australia. Mukaliyang'anitsitsa lamuloli muona kuti munthu akhoza kuloledwa kusankha timu ya India asanavalepo yunifolomu ya dzikolo ngakhale tsiku limodzi. Muonanso kuti lili ndi mfundo ya zaka 5 ija, imene kwa ine ndi yanzeru kuposa zina zonsezo, chifukwa cholinga chake n'chakuti munthu asaweruze anzake amene dzana lomweli ankadyera nawo mbale imodzi m'chipinda chovalira.

Maganizo amene muli nawo si achilendo, ndipo ku India anafika mpaka kukhothi. Komiti ya Lodha, imene khothi lalikulu la dzikolo linakhazikitsa mu 2015 pambuyo pa nkhani za kubetcha mu mpikisano wa makalabu wa IPL, inalangiza kuti osankha osewera akhale atatu okha ndipo onse akhale oti anasewerapo Test. Mu 2018 khothi lomwelo linafewetsa mfundoyi n'kubwezeretsa komiti ya anthu 5. Pa nthawiyo wapampando anali MSK Prasad, amene anasewera masewero 6 okha a Test, ndipo komiti yake yonse mukaiphatikiza inali ndi masewero 13. Anthu ankainyoza poyera, makamaka itasiya Ambati Rayudu pa ulendo wa ku Chikho cha Dziko Lonse cha 2019 n'kutenga Vijay Shankar. Komabe ndi nthawi ya komiti yomweyi pamene Jasprit Bumrah, amene ambiri ankamuona ngati woponya mpira wa masewero afupiafupi basi, analowetsedwa m'timu ya Test mu January 2018, ndipo patangotha chaka India inapambana mndandanda wa masewero a Test ku Australia kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake.

Chimene kuchuluka kwa masewero kumamugulira wosankha osewera ndi ulemu. Wosewera wotchuka akauzidwa kuti nthawi yake yatha, amayamba wayang'ana kaye amene akumuuzayo, ndipo atolankhani ndi otsatira masewero amachita chimodzimodzi. Ulemuwo ndi wofunika, sindikutsutsa. Koma ulemu ndi wosiyana ndi diso, ndiponso ndi wosiyana ndi kulimba mtima, ndipo nkhani ya Trevor Hohns ikusonyeza bwino zimenezi.

Hohns anasewerera Australia masewero 7 okha a Test, koma anakhala wapampando wa osankha osewera kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 mpaka 2006, nthawi imene timuyo inali yosagwedezeka padziko lonse. Mu October 1999 Australia inasewera ndi Zimbabwe ku Harare, ndipo wogwira mpira kumbuyo kwa womenya (wicketkeeper) anali Ian Healy, amene pofika pamenepo anali atasewera masewero 119 a Test n'kutulutsa omenya mpira 395, chiwerengero chimene panalibe wina anali atachifika. Koma marani, zigoli za pa kiriketi, anali atamuthawa. Masewero otsatira anali okumana ndi Pakistan ku Brisbane, kwawo kwa Healy, ndipo iye anapempha kuti apatsidwe masewero amodzi okhawo kuti atsanzike pamaso pa anthu akwawo. Hohns, yemwe nayenso ndi wa ku Queensland ndipo anasewerapo timu imodzi ndi Healy, anakana. Adam Gilchrist, amene analowa m'malo mwa Healy, atatuluka kukalowa m'bwalo la Gabba ku Brisbane, ena mwa oonerera anamukuwiza. Anamenya marani 81, kenako m'masewero otsatira ku Hobart anamenya 149 osatulutsidwa pamene Australia inkathamangitsa marani 369, ndipo timuyo inapambana masewero 15 oyambirira onse amene Gilchrist anasewera. Hohns yemweyo ndi amene mu 2002 anachotsa Steve Waugh m'timu ya masewero a tsiku limodzi, munthu amene zaka zitatu m'mbuyomo ananyamula Chikho cha Dziko Lonse monga kaputeni, ndipo Australia inakatenganso chikhocho mu 2003 pansi pa Ricky Ponting. Akuluakulu amati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Hohns akanachita manyazi ndi mnzake wa ku Queensland uja, palibe akanamudzudzula tsiku limenelo, koma ntchito imene anapatsidwa ikanakhala kuti sanaigwire.

Tsono yerekezerani ndi Peter May wa ku England, mmodzi wa omenya mpira apamwamba kwambiri amene dzikolo linakhalapo nawo, yemwe anasewera masewero 66 a Test. M'chaka chake chomaliza monga wapampando, 1988, England inagwiritsa ntchito makaputeni anayi pa masewero 5 okumana ndi West Indies, ndipo inagonja 4-0. Ku India, Raj Singh Dungarpur sanasewerepo Test, koma komiti imene ankaitsogolera ndi imene mu 1989 inatumiza mnyamata wa zaka 16, Sachin Tendulkar, kukakumana ndi oponya mpira a liwiro a ku Pakistan.

Chifukwa chake chili mu ntchito yeniyeniyo, imene ambiri sitiiona. Wosankha osewera amathera masiku ake ambiri m'mabwalo opanda anthu, atakhala pampando wapulasitiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuonera anyamata amene mayina awo sanamvekepo pa wailesi. Ku India matimu a Ranji Trophy alipo 38, ku England makalabu a first-class alipo 18, ndipo munthu amayenera kudziwa kuti marani 100 a mnyamata uyu anamenyedwa pa bwalo losavuta polimbana ndi oponya otopa, pamene marani 40 a winayu anapezeka mpira ukukhotera uku ndi uku m'mawa wa mitambo. Amayenera kuimbira foni makochi a zigawo, kufunsa oweruza masewero za khalidwe la wosewera, kumvetsa malipoti a madokotala, ndiponso masiku ano kuwerenga ziwerengero za pa kompyuta popanda kuzigwadira. Katswiri wamkulu nthawi zambiri zinthu zinkamuyendera mwachibadwa, moti kumvetsa chimene chikumuvuta wosewera wamba kumamutengera nthawi, ndiponso amakhala ndi ntchito zina za ndalama zambiri, monga kuulutsa masewero pa wailesi yakanema, zimene sangazisiye kuti azikakhala pampando wapulasitiki uja. Sindikunena kuti aliyense angathe. New Zealand inayesapo mu 2011 pamene inapereka udindo woyang'anira kasankhidwe ka osewera kwa Kim Littlejohn, munthu wa ku Australia amene ankachokera ku masewero ena otchedwa lawn bowls, ndipo osewera akale ambiri a dzikolo sanaulandire konse udindo wakewo. Munthu amene sanaimepo pakati pa bwalo mpira wolimba ukubwera pa liwiro la makilomita 140 pa ola ali ndi zambiri zoti aphunzire, ndipo osewera amazindikira msanga.

Popeza munakhalako ku Bulawayo, mukudziwa kuti ku Zimbabwe funso lanuli linang'amba timu pakati. Mu April 2004 kaputeni Heath Streak anapereka madandaulo ku bungwe la kiriketi la dzikolo, ndipo lalikulu mwa madandaulowo linali lakuti osankha osewera akhale anthu oti anasewerapo kiriketi yapamwamba. Bungwelo linamuchotsa pa ukaputeni, osewera achizungu okwana 15 anakana kusewera, ndipo Tatenda Taibu anapatsidwa timu ali ndi zaka 20. M'mwezi womwewo timu ya achinyamatayo inatulutsidwa yonse ndi marani 35 okha ndi Sri Lanka ku Harare, ndipo chaka chisanafike pakati Zimbabwe inaimitsa kaye masewero a Test. Nkhaniyi inabukanso mu 2013 pamene bungwe la boma loyang'anira masewero, David Coltart ali nduna, linalamula kuti osankha matimu a dziko akhale anthu oti anaimirapo Zimbabwe pa masewerowo. Givemore Makoni, amene ankatsogolera osankha osewera ndipo lamulolo likanamuchotsa, ananena kuti limeneli linali tsankho.

Munthu akhoza kutsutsana ndi Makoni pa zambiri, koma pa masamu anali ndi mfundo. Zimbabwe inayamba kusewera Test mu 1992, ndipo munthu wakuda woyamba kulowa m'timuyo, Henry Olonga, analowa mu 1995. Ndiye mu 2004 mukanena kuti osankha akhale osewera opuma a Test, mwanena kale mtundu wa anthu amene akhale m'komitimo, ngakhale simunautchule. Streak nayenso anali ndi mfundo, chifukwa wosewera ali ndi ufulu woweruzidwa ndi munthu wodziwa masewerowo, osati woikidwa chifukwa cha ndale za m'bungwe. Lamulo la ziyeneretso limayeza luso, komanso limatseka khomo kwa aliyense amene kale sanapatsidwe mpata wosewera, ndipo n'chifukwa chake silingakopedwe kuchoka dziko lina kupita lina. Mu Africa muno mayiko osewera Test ndi awiri okha, South Africa ndi Zimbabwe. Malawi ndi membala wamng'ono wa ICC amene amasewera masewero afupiafupi a T20 ndi mayiko anzake monga Mozambique, moti lamulo la ku India lija litabwera kuno silingatipatse komiti.

Tsopano za mphamvu, zimene ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani kuposa pa ziyeneretso. Kawirikawiri komiti imasankha gulu la osewera 15 kapena kuposerapo, ndipo 11 olowa m'bwalo amasankhidwa ndi kaputeni ndi kochi ataona mmene bwalo lilili, makamaka timu ikakhala paulendo. Ku India kaputeni amakhala nawo pamsonkhano wa komiti koma savota. Australia inayesapo njira ina mu 2011, itagonja kwawo ndi England, pamene inaika kaputeni ndi kochi m'komiti, koma mu 2013 Michael Clarke anausiya udindowo. Wosewera amene mwendo ukumupweteka kapena amene wataya chikhulupiriro sangamuuze zoona kaputeni amene mawa akavotere zomuchotsa.

Pamwamba pa komiti pamakhala bungwe, ndipo apa ndi pamene mawu omaliza aja amathera. India itagonja 4-0 ku England mu 2011, n'kugonjanso 4-0 ku Australia miyezi yochepa pambuyo pake, Mohinder Amarnath, amene anali m'komiti, anadzaulula kuti osankha osewera anagwirizana zochotsa MS Dhoni pa ukaputeni koma pulezidenti wa BCCI, N. Srinivasan, anakana. Malamulo a bungwelo pa nthawiyo ankafuna kuti pulezidenti avomereze timu, choncho sanaphwanye lamulo. Vuto linali lakuti kampani ya Srinivasan ndi imene inali mwini wa timu ya IPL ya Chennai Super Kings, ndipo kaputeni wa timuyo anali Dhoni yemweyo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amarnath anasewera masewero 69 a Test ndipo anali katswiri wa masewero omaliza a Chikho cha Dziko Lonse cha 1983, koma zonsezi sizinamuthandize kanthu pamaso pa munthu amene anali ndi cholembera.

Ku South Africa, mu January 2002, osankha osewera anaika Jacques Rudolph m'timu yokasewera ndi Australia ku Sydney, koma pulezidenti wa bungwe, Percy Sonn, analamula kuti m'malo mwake mulowe Justin Ontong potsatira mfundo ya bungwelo yopereka mpata kwa osewera amene mitundu yawo inkatsekerezedwa nthawi ya tsankho. Cholingacho chinali ndi maziko, pakuti nthawi ya tsankhoyo timu ya Test ya dzikolo inali ya azungu okhaokha. Koma kuchita zimenezo timu itasankhidwa kale kunapweteka anyamata onse awiri, ndipo Ontong, amene sanapemphe chilichonse, anasenza dzina la wolowera pawindo n'kuthera pa masewero awiri okha a Test. Ku Sri Lanka mphamvu imafika mpaka ku boma, chifukwa lamulo la zamasewero la 1973 limafuna kuti nduna ivomereze timu iliyonse ya dziko. Mu December 2017 osewera 9 amene ankanyamuka usiku kupita ku India anabwezedwa ali kale pa ulendo wa ku bwalo la ndege chifukwa nduna inali isanasaine. ICC imadana ndi kulowerera kwa boma, ndipo inaimitsapo Zimbabwe mu July 2019 ndi Sri Lanka mu November 2023, ngakhale kuti zilango zimenezi zinali za kusokoneza mabungwe enieniwo osati za kasankhidwe ka timu.

England inapita mbali inayo. Mu April 2021 inathetseratu udindo wa wosankha wamkulu, umene unali m'manja mwa Ed Smith, n'kupereka mphamvu zonse kwa kochi Chris Silverwood. Ubwino wake unali wakuti aliyense ankadziwa woti amuloze chala, ndipo anamulozadi: timu itagonja 4-0 ku Australia, Silverwood anachotsedwa mu February 2022, ndipo chaka chomwecho chisanathe udindo wa wosankha osewera unabwezeretsedwa n'kupatsidwa kwa Luke Wright. Kochi amene ali paulendo ndi timu miyezi yambiri pachaka alibe nthawi yokaona anyamata a m'zigawo, ndiponso ntchito yake imadalira kupambana sabata ino, pamene wosankha osewera amayenera kuganizira za zaka zitatu zikubwerazo.

Funso lanu lachitatu ndiliyankha mosazungulira: ayi, osewera akale okhaokha sangakwanitse, ngakhale kuti bungwe lopanda osewera akale ndi losauka. Kuyendetsa bungwe ndi nkhani ya mapangano a ndalama za wailesi yakanema, malipiro, mabwalo, misonkho ndi mavoti a zigawo. Munthu amene anasandutsa kiriketi ya India kukhala yolemera, Jagmohan Dalmiya, anali wabizinesi ya zomangamanga wa ku Kolkata amene sanasewererepo dzikolo, ndipo anakhala pulezidenti wa ICC kuyambira 1997 mpaka 2000. Wosewera wakale amathandiza kwambiri akaikidwa pa udindo woyang'anira masewero enieniwo. Andrew Strauss atapatsidwa udindo wotero ku England mu May 2015, timu itangochita manyazi pa Chikho cha Dziko Lonse, anasunga Eoin Morgan pa ukaputeni wa masewero a tsiku limodzi, analemba ntchito kochi Trevor Bayliss amene sanasewerepo Test, ndipo England inatenga chikhocho mu 2019. Koma Strauss yemweyo, m'masiku ake oyamba, anatsekera kunja Kevin Pietersen tsiku limene Pietersen anali atangomenya marani oposa 300 akusewerera kalabu ya Surrey, ponena kuti panalibe kukhulupirirana, ndipo aliyense ankadziwa kuti awiriwa anayambana mu 2012 Strauss ali kaputeni. Wosewera wakale amalowa mu ofesi atanyamula anzake ndi adani ake omwe.

Zimenezi zinaonekanso kwa Sourav Ganguly, kaputeni wakale wa India yemwe anasewera masewero 113 a Test, amene anakhala pulezidenti wa BCCI kuyambira 2019 mpaka 2022. Mu December 2021 Virat Kohli atachotsedwa pa ukaputeni wa masewero a tsiku limodzi, Ganguly ananena kuti anali atamupempha kuti asasiye ukaputeni wa T20, koma Kohli anauza atolankhani kuti palibe anamupempha zimenezo, ndiponso kuti za kuchotsedwa kwake anazimva pa foni kumapeto kwa zokambirana za timu ya Test. Pulezidenti wabizinesi akalankhula za timu, osankha osewera akhoza kumuuza kuti sakuzidziwa. Nanga pulezidenti amene anatsogolerapo dziko m'bwalo angamuuze zimenezo ndani? Ku Pakistan, Inzamam-ul-Haq anatula pansi udindo wa wosankha wamkulu mu October 2023, mpikisano wa Chikho cha Dziko Lonse uli mkati, chifukwa cha mafunso okhudza ubale wake ndi kampani yolumikizana ndi woimira osewera ena a m'timuyo, ndipo kale lonse ankavutika kufotokoza nthawi iliyonse imene Imam-ul-Haq, mwana wa m'bale wake, wasankhidwa, ngakhale pamene mnyamatayo anali atamenyadi marani. Ramiz Raja, yemwe anali nawo m'timu imene inatenga chikho mu 1992, anakhala wapampando wa bungwe la dzikolo mu 2021 Imran Khan ali nduna yaikulu, ndipo boma litasintha anachotsedwa mu December 2022.

Choncho mukadzaona kuti katswiri amene mumamukonda wasiyidwa, musanawerenge masewero a wapampando wa komiti, fufuzani kaye ngati wapampandoyo amapitadi kukaonera masewero a zigawo, ngati ali ndi bizinesi kapena chibale ndi wosewera wina, ndiponso ngati pali wina pamwamba pake amene angasinthe mndandanda usiku. Ku Zimbabwe kwanu kwachiwiri kuja, zimene Streak ankapempha mu 2004 zinadzachitika patatha zaka 12. Mu 2016 Taibu anakhala mtsogoleri wa osankha osewera ndipo Streak anakhala kochi, makaputeni awiri akale a Test amene anaima mbali zosiyana pa mkangano uja, tsopano akugwira ntchito limodzi. Mu March 2018, pa mpikisano wolimbirana malo a ku Chikho cha Dziko Lonse umene unkachitikira kwawo komweko, Zimbabwe inangofunika kugonjetsa United Arab Emirates ku Harare, koma mvula itadula masewerowo inaperewera ndi marani atatu. Patangopita masiku ochepa bungwe linachotsa Streak ndi makochi anzake, linachotsa Taibu, n'kulandanso ukaputeni kwa Graeme Cremer, koma wapampando wa bungwelo anakhalabe pampando wake.